Nsagwada ya Nkhumba ndi Mavoti Anayi

Mphekesera inayambira m'shopu ya buledi ya Mayi Poppinga, monga mwa masiku onse, ndipo posakhalitsa ngakhale ana a sukulu ya mkaka anali ataimva: ati Mayi Gesine Tjaden atigulitsa. Ati galimoto yakuda ya nambala yoyamba ndi B, ya ku Berlin yeniyeni, yaonedwa pakhomo pawo. Ati munatuluka bambo wonunkhira sopo wodula, wovala nsapato zoti ntchentche ikaterapo iterereka. Ena amati wawabweretsera mpando wonona wa ku likulu. Koma a Poppinga, akukulunga buledi, amatsitsa mawu n'kumati, "Mpando? Mayi wamasiye, bambo wonunkhira, makatani otseka, inu n'kumati mpando?"

Za chibwenzizo zinali bodza, tisanamizane. Koma galimotoyo inabweradi.

A Gesine ndi dokotala wa ng'ombe wa kwathu kuno ku Hollsiel, mayi wamtali wa mawu ngati a mphunzitsi wa masamu. Mudzi wathu uli pansi kuposa nyanja, moti timagona pouma chifukwa cha mapampu akale aja a kumapeto kwa msewu wa ku Dambo, amene amapopa madzi n'kumawaponya kuseri kwa chikhoma cha dothi. Ndiye boma la ku Berlin linalemba lamulo loti malo otsika ngati athuwa abwezedwe ku madzi, mapampu azimitsidwe, anthu ndi ng'ombe zawo akwere kumtunda. Nyumba ya Malamulo inavomera. Koma lamulo lotere silidutsa lisanavomerezedwenso ku Nyumba ya Zigawo, kumene boma la chigawo chilichonse limatumiza nduna zake, ndipo kumeneko a ku Berlin ankaperewera mavoti anayi. Anayi enieni a chigawo chathu.

Pa chisankho cha chigawo chaka chatha mukanaona, abale inu! Akuluakulu osadziwa n'komwe kuti ng'ombe imayamba ndi miyendo iti podzuka anadzaza misika yathu, kunyamula makanda a eni, kudya nsomba zathu zamchere akumwetulira ngati akuzikonda. Zipani ziwiri zimene zikulamula ku Berlin zinapambana kunonso, koma pang'onong'ono, ndipo pang'onopo anabweretsa ndi a Gesine, amene anayenda khola ndi khola akulonjeza kuti, "Ine ndili moyo, mapampu sazima." Chipani chawo ndi chaching'ono pa ziwirizo, komabe popanda icho boma la chigawo silikanaima, choncho anawapatsa unduna wa zaulimi. Ku Berlin anavina: mavoti anayi aja apezeka! Panalibe amene anafunsa kuti apezeka ndi lonjezo lanji.

Kuvota ku Nyumba ya Zigawo kunali Lachisanu. Loweruka la m'mbuyo mwake linali tsiku la ulendo wa kabichi, mwambo wathu wa nyengo yozizira woyenda pamsewu tikugubuduza mpira wolemera ndi kumwa kachasu, kenaka n'kukadya kabichi.

A Gesine anafika pa tchalitchi atavala nsapato za mphira ndi chipewa cha ubweya, kachikho ka kachasu kali pakhosi pa chingwe ngati wina aliyense. Kunali chisanu choluma makutu. Anthu anali atagawana kale magulu awiri oponya mpira, koma iwo atangotulukira, nkhani zonse zinangoti zii.

"Takulandirani, a nduna," anatero a Poppinga, mawu otsekemera ngati keke yawo. "Mwabwera nokha? Alendo anu aja mwawatsekera m'nyumba?"

"Akubwera, Mayi Poppinga. Muwaone bwinobwino, kuti mawa musadzavutike kupeka."

Anthu angapo anaseka, koma Onno sanaseke. Onno ndi mlongo wawo wamng'ono, mwini khola lotsikitsitsa m'mudzi monse, loyandikana ndi mapampu. Ndiye ankakoka ngolo ya mabotolo. Anadikira anthu ayambe kuyenda, kenaka anayandikira.

"Achemwali, anthu akulankhula."

"Anthu ali ndi pakamwa, Onno."

"Ine sindine anthu. Ndikufunsa ngati mwana wa mayi anu. Ng'ombe zanga ndiyambe kuziphunzitsa kusambira, kapena ndidikire?"

A Gesine anangoyang'ana msewu. Anali atapempha a ku Berlin mwakachetechete kuti midzi ya kuno ichotsedwe m'lamulo lija, ndipo analonjeza kusatsegula pakamwa mpaka yankho litabwera. Kukhala chete kumeneko n'kumene kunabereka mphekesera zonse. Yankholo linali kubwera lero, m'kamwa mwa bambo wonunkhira uja.

"Udikire mpaka tidye," anatero.

"Ndadikira kuyambira chisankho," anatero Onno, n'kukoka ngolo mwamphamvu mpaka mabotolo analira.

Bambo Lindhorst, a galimoto yakuda aja, mlembi wa chipani wa ku likulu, anawapeza pa mlatho woyamba, akuthamanga ndi nsapato zawo zonyezimira zija m'matope. Kunena zoona, sanali munthu woipa nkhope. Anapereka moni kwa aliyense, analola kuti awapachike kachikho pakhosi, anamwa kachasu wa tirigu osatsinzina n'komwe. Atawapatsa mpira wolemera uja kuti augubuduze pamsewu, anauponya ndi mtima wonse, mpirawo n'kupita molunjika m'ngalande, phuvu!

"Woponya ndiye wovuula, achikulire!" anakuwa Onno, akuwapatsa ndodo yaitali ya kadengu kumapeto. "Ku Berlin mumatuma ena, kuno ayi."

A Lindhorst anawerama, anafufuza m'madzi akuda aja, phazi limodzi n'kuterereka mpaka m'bondo. Anthu anagwa nacho chiseko. Iwo anasekanso, anakweza mpira m'mwamba ngati apha mkango, ndipo amayi ena anayamba kunong'onezana kuti iyayi, bamboyu ndi womasuka ndithu.

Gulu litatsogola, anatsalira m'mbuyo ndi a Gesine, nsapato ikulira chofochofo.

"Mayi Tjaden, ndayesetsa," anatero motsitsa mawu. "Lamulo silisintha. Tikachotsa midzi yanu, zigawo zina zifunanso zawo, tsono lamulo lonse lasanduka chiguduli."

"Ndiye mwayendera chiyani mtunda wonsewu? Lamya inafa?"

"Ndabwera chifukwa ndimakulemekezani. Tamverani. Nyanja ikukwera, inunso mukudziwa kuposa ine. Mapampu anuwa adzagonja tsiku lina, kaya ife tilembe kaya tisalembe. Lamuloli likagwa Lachisanu, boma la ku Berlin ligwedezeka, ndipo zigawo ziwiri zili ndi chisankho miyezi ikubwerayi. Zikationa tikukanika kugwira chigawo chathu chomwe, zititaya. Akadzalowa m'boma otsutsawo, mukuganiza kuti adzakumverani chisoni?"

A Gesine ankadziwa kuti bamboyo sankanama. Zimenezi n'zimene zinkawasowetsa tulo.

"Anthu awa sanavotere Berlin," anatero kenaka. "Anavotera mapampu."

"Aliyense amavotera Berlin, mayi, ngakhale posankha woyang'anira manda. Amene anabwera kudzakuimirani pamsika ndi ndani? Si ife?"

"Pangano la boma lathu likuti zipani ziwirizi zikasiyana maganizo, chigawo sichivota. Ine ndakana kale pa msonkhano wa nduna."

"Nduna yaikulu ya chigawo chanu yalankhula ndi Berlin. Ikadzaitanidwa idzati inde, pangano kapena ayi." A Lindhorst anaima, n'kuwagwira pamkono. "Sitikukupemphani kuti munene inde. Ayi ndithu. Inu mudzangokhala pambali pake, pakamwa potseka. Mukabwera kuno mudzanene kuti anakuponderezani, mudzatitukwane pa wailesi, ife tidzapirira. Unduna wanu ukhalabe, anthu anu akukondanibe. Kukhala chete basi. N'chovuta chimenecho?"

Anali atafika pa nyumba ya mapampu, ya njerwa zofiira, imene imanjenjemeretsa nthaka ukaima pafupi. Gulu lonse linaima pamenepo monga mwa mwambo, aliyense anadzaza kachikho. Onno anakweza kake kuloza ku khomalo.

"Kwa agogo athu awa, amene sanapemphepo tchuthi!"

"Kwa agogo!" anthu anayankha. A Lindhorst nawonso anamwa, abale, anamwera mapampu omwe akufuna kuwazimitsawo. A Gesine anawayang'ana akupukuta pakamwa ndi kampango koyera, ndipo china chake chinawauma mumtima.

Ku nyumba yodyera ya a Eilers kunali kotentha, mawindo ali thukuta lokhalokha. Anabweretsa kabichi wopotana wophikidwa ndi mafuta a nkhumba, masoseji onona, nyama yofutsa ndi mbatatesi zokazinga. A Lindhorst, kaya ndi njala kaya ndi kampeni, anadya ngati sanadye chibadwire. Mbale ikatha, a Poppinga amawaonjezera, akuwafunsa ngati ali pabanja. Mnyamata wawo woyendetsa galimoto ankangowajambula pa foni.

Mbale zitachotsedwa, a Eilers anagogoda tebulo ndi supuni. Inali nthawi yolonga mfumu ya kabichi. Mfumu yakale ndi imene imasankha yatsopano, kawirikawiri amene wadya kwambiri, n'kuipachika pakhosi fupa la nsagwada ya nkhumba lomangidwa pa tcheni, lolembedwa maina a mafumu onse akale. Mfumu ya chaka chathacho anali a Gesine. Aliyense ankadziwa kuti chaka chino ndi cha Onno, chifukwa wakhala akulilakalaka fupalo kuyambira ali mnyamata.

A Gesine anatulutsa nsagwada ija m'chikwama, anadutsa Onno osamuyang'ana, n'kukaima kumbuyo kwa mlendo.

"Mfumu yathu yatsopano ndi Bambo Lindhorst a ku Berlin."

Supuni ya wina inagwa pansi. A Poppinga anatsina mnzawo pa ntchafu. "Sindinanene ine? Mpaka fupa lomwe wapereka!" Onno anadzuka, nkhope ili psuu, n'kuyamba kufunafuna chipewa chake.

A Lindhorst anakondwa ngati mwana. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi, koma iwo mwambiwo sankaudziwa. Anaimirira, fupa likulendewera pa tayi, anauza mnyamata wawo kuti ajambule bwino ndipo atumize pompo ku likulu, kuti onse aone kuti anthu a m'madambo ali pambuyo pa boma. Anathokoza Hollsiel, anathokoza kabichi, anati ufumu umenewu adzausenza ndi ulemu wonse.

"Mwaulandira ndithu?" anafunsa a Gesine. "Pamaso pa anthu onsewa?"

"Ndi manja awiri, Mayi Tjaden."

"Zikomo, mfumu. Onno, khala pansi, umve nawo. Pajatu alendo sadziwa, ndiye tiwauze. Mfumu ya kabichi ili ndi ntchito imodzi yokha. Chaka chamawa, nyengo ngati ino, imaitana anthu, imatsogolera ulendo, msewu womwewu, kuchokera pa tchalitchi mpaka pa mapampu. Palibe mfumu inalepherapo, ngakhale ija inathyoka mwendo tinaikoka pa ngolo. Ndiye mfumu yathu itiuze lero, tikonzekeretu. Chaka chamawa tidzabwere ndi mpira, kapena ndi bwato?"

Kumwetulira kwa a Lindhorst kunatsala pankhope kokha, ngati chovala choyanikidwa pa chingwe.

"Amayi ndi abambo, nkhani imeneyi ili ndi mbali zambiri..."

"Ngalande ija inalinso ndi mbali ziwiri, achikulire," anatero Onno, atakhala kale pansi, "koma munagwera pakati."

Chiseko chinaphulika mpaka a Eilers anatsamira khoma.

"Mpira kapena bwato?" anakuwa nkhalamba ina kumapeto kwa tebulo, ndipo ena anayamba kumenya matebulo ndi zikho. "Mpira kapena bwato! Mpira kapena bwato!"

A Gesine anakweza dzanja, phokoso linatsika.

"Mfumu yasowa mawu, ndiye ndiiyankhire. Andipempha kuti Lachisanu ndikakhale chete. Akuti n'chinthu chaching'ono. Ndakhala chete masabata onsewa, ndipo mwaona nokha zimene chete wandigulira: mlongo wanga sakundiyang'ana m'maso, ndipo ndapatsidwa mwamuna amene sanandifunsire n'komwe." Anayang'ana a Poppinga, amene mwadzidzidzi anayamba kusesa nyenyeswa pa tebulo. "Bambo Lindhorst, mwina mukunena zoona kuti nyanja idzatigonjetsa. Ikadzabwera tidzakambirana nayo ifeyo, eni matope. Koma mavoti anayi amene mukuwawerengera m'thumba mwanuwo anachokera m'chipinda chino. Chigawo chimavota ndi pakamwa pamodzi. Nduna yaikulu ikadzati inde, ine ndidzati ayi mokweza, ndipo chigawo cha pakamwa pawiri sachiwerenga. Kauzeni akuluakulu anu."

A Lindhorst anawerama n'kuwanong'oneza, koma m'chipindamo munali bata loti aliyense anamva. "Mwadziwotcha nokha, mayi. Lolemba simudzakhala nduna."

"Ng'ombe sizinandichotse ntchito."

Bamboyo anagwira tcheni kuti avule fupa lija.

"Iyayi, mfumu!" anakuwa a Eilers. "Wovulira nsagwada m'nyumba muno amatsuka mbale zonse, ndi mapoto omwe!"

A Lindhorst anayang'ana mulu wa mbale za mafuta, anayang'ana chitseko, n'kutuluka fupa lili pakhosi, nsapato imodzi ikulirabe.

Lachisanu a Gesine anakhala pampando wawo ku Nyumba ya Zigawo, pambali pa nduna yaikulu, imene sinawapatse moni chikwerereni sitima. Nyumba imeneyo si ya phokoso ngati Nyumba ya Malamulo. Saombamo m'manja, sakuwizana, anthu amalankhula ngati ali pa maliro a munthu wolemera. Mlembi anayamba kuitana zigawo chimodzichimodzi. Inde. Ayi. Inde. Sitivota. A Gesine ankadikira dzina la chigawo chathu. Anaganiza kuti mwina mawu sadzatuluka n'komwe, kuti adzangotsegula pakamwa ngati nsomba, dziko lonse likuonera pa kanema.

Dzina la chigawo chathu linatchulidwa.

"Inde," inatero nduna yaikulu, mofulumira ngati ikumeza mankhwala.

"Ayi!"

Anakuwa mopitirira muyeso, mawu aja oitanira ng'ombe kutsidya kwa dambo. Mlembi anadzidzimuka mpaka cholembera chinamugwa. Wapampando anavula magalasi n'kufunsa mwaulemu ngati chigawocho chingagwirizane pa yankho limodzi.

"Gesine, chonde," inanong'ona nduna yaikulu, osatembenuka. "Ganizira boma."

"Ndaganizira, bwana. Ayi."

Mavoti anayi sanawerengedwe, ndipo lamulo linagwa.

Lolemba lisanathe anali atawachotsa unduna, monga analonjezera a Lindhorst. M'malo mwawo anaikamo bambo wina wa mumzinda amene amaopa ngakhale atsekwe. Ku Berlin zipani ziwiri zija zakhala zikulozana zala pa kanema tsiku ndi tsiku, ndipo nyuzipepala ina inalemba kuti dokotala wa ng'ombe wagwetsa boma ndi liwu limodzi, ngakhale bomalo likadali chiimire, mopendekeka. Akuluakulu onse athamangira ku zigawo ziwiri zija zimene zikuvota posachedwa, kukanyamula makanda a kumeneko. Akuti akakapambana, adzapeza mavoti ena, lamulo lidzabweranso, ndipo ulendo umenewo sadzafuna chilolezo cha Hollsiel.

N'chifukwa chake kuno anthu agawikana. Ena akuti a Gesine ndi mkazi ndi theka, moti Onno wapachika chithunzi chawo m'khola. Ena akuti anapusa: akanakhala chete, bwenzi tili ndi nduna yathuyathu yotilankhulira pa tsiku losamuka, koma pano tangotsala ndi mapampu okalamba ndi adani ku likulu. Eni akewo akafunsidwa amangoti pa chisankho chikubwerachi adzaimanso, ndi chipani kapena popanda chipani, ndipo amene akufuna mavoti a m'madambo adzabwere adzawapemphe atavala nsapato za mphira.

Nanga inu, mukanakhala pampando uja, dzina la kwanu litaitanidwa, bwana wanu atanena kale inde, mukudziwa kuti mwina mukungochedwetsa madzi chaka chimodzi chokha, pakamwa panupo mukanatsegula?